Kubweza Kalavani

Lachisanu madzulo tinawoloka msewu wodula nyanja,
ine ndi Volvo ya malemu Preben,
kumbuyo kukubwera kalavani yamtundu wa dzira la bakha,
ikugwedera, ikudandaula pa chitsulo chokokera.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkakhala mpando winawo,
mapu pamiyendo, fulasiki pakati pa mapazi.
Lero chiwongolero chili m'manja mwanga
ndipo chikulemera ngati chitseko cha tchalitchi.

Ku Rømø galimoto zimatsikira pamchenga penipeni.
Anzake anali atafika kale, atandanda kuyang'ana kumadzulo:
Morris yotuwa ya Aksel,
Citroën ya akazi awiri apachibale a ku Ribe,
ndi Opel ija imatsokomola katatu isanavomere kulira.
Maboneti ali yasa, amuna ataweramira m'kati
ngati akufunsa odwala kuti agona bwanji.
Fungo la petulo, la polishi, la ndere zowola.

Kupita kutsogolo aliyense amatha.
Koma kubweza kalavani!
Ukakhotera kumanzere iyo ithawira kumanja,
ukaikalipira ipinda khosi ngati bulu.
Kanayi ndinayesa. Kachisanu tayala linamira,
injini n'kuzima, zii.
Ndinangomva mafunde, ndi masupuni akulira m'kabati.

Palibe anaseka.
Gudrun anabwera atavala jombo zomukulira,
natsamira chigongono pawindo.
"Gwira chiwongolero cha m'munsi," anatero,
"kumene dzanja lipite, nayonso ipita komweko.
Sanakuuze? Ndinam'phunzitsa ndine, pompano,
chaka chomwe munakwatirana."

Preben iwe!
Ine ndinkayesa unabadwa nazo.

Loweruka mphepo inadzuka ife tisanadzuke.
Inazula zikhomo za tenti ya Aksel,
n'kuthira mchenga m'batala, m'makutu, m'masokosi.
Ana anathamangitsa chipewa mpaka m'madzi.
Mnyamata wina wa ndolo kumphuno
anazungulira Volvo kawiri, manja kumbuyo,
nandifunsa ngati ndikugulitsa.
Ndinati ayi, mawu asanandipemphe chilolezo.

Usiku pulayimasi ikupuma buluu,
makatani a maluwa ofifia akuvina okha,
ndinatsegula dilowa yofuna kumenyedwa kaye.
Mapulagi awiri. Sipanala. Switi womatirira papepala.
Ndi kabuku kakuda ka mafuta m'mphepete:
tsiku, makilomita, oyilo, nyengo.
Palibe dzina langa ngakhale pamodzi,
koma tsamba lililonse pansi pake analemba,
"Khofi anali wabwino."
Khofiyo ndinkapanga ndine.
Kunja wina ankalimbana ndi akodiyoni,
nyimbo ikum'thawa ngati nkhanu pamchenga.

Lamulungu kunacha ndi mvula yowaza.
Madzi anali atakwera, akunyambita mikwingwirima ya matayala athu,
akufufuta umodzi umodzi.
Anthu akupinda mipando, akumanga zingwe,
Opel ikutsokomola kachiwiri, kachitatu.
Aksel anatambasula dzanja kuti ndim'patse makiyi.
Ndinapukusa mutu.

Dzanja m'munsi. Pang'ono pang'ono.
M'galasi kalavani inandiyang'ana, inakayika,
kenako inabwerera yokha mowongoka
ngati hatchi yazindikira mawu.
Gudrun anangokweza kapu yake, osaomba m'manja.

Ndisanakwere msewu ndinaima pambali,
mawaipa akukwecha galasi,
ndinanyowetsa pensulo yake ndi lilime monga ankachitira.
Tsiku. Makilomita. Oyilo watsika pang'ono.
Mvula.
Khofi anali ndi mchenga.