Magetsi Atathima ku Kawale

Kuseri kwa shopu yometa tsitsi ku Kawale
ndili ndi kachipinda, mabenchi awiri, mawayilesi a kanema awiri.
Ya kumanja ndinagula ndi ngongole ya banki m'khonde.
Ukayatsa, thukuta la msilikali umaliwerenga madontho,
udzu umawerama mphepo ikadutsa,
madzi ake kung'anima koposa a mu Lingadzi.
Ana amalimbirana imeneyo,
mazana asanu pa mphindi khumi.

Ya kumanzere ndi nkhalamba ya linunda kumsana,
ndinaitola mu Tsoka pamtengo wa nkhuku ziwiri.
Anthu ake mitu yamakona ngati njerwa,
manja opanda zala,
amayankhula pakamwa pali chitsekere.
Palibe amene amaifuna
kupatula Lonjezo, mwana wa mayi wa makala pamphambano paja.

Gemu yake ndi ya bambo wina wopalasa bwato
amene akusaka mng'ono wake
yemwe anamusiya padoko tsiku lomwe anakangana.
Mudzi uliwonse umamupatsa kanthu:
nsapato imodzi, kalata yonyowa,
dzina lolembedwa molakwika pakhoma la ndende.
Lonjezo amawerenga timawu tapansito milomo ikugwedera,
Chingerezi chikamukanika amandikoka malaya.

Lachinayi magetsi anathima cha m'ma folo.
Zii.
Jenereta inali youma kukhosi,
mvula n'kuyamba kumenya malata,
panalibe wotuluka.

Ndinafunsa Ganizani, katswiri wa ya kumanja:
"Unafika pati?"
"Ndagwetsa anthu makumi atatu."
"Anakulakwira chiyani?"
Anakanda m'mutu.
"Koma magazi ake, bwana, ngati enieni!"
Nkhani yake inathera pomwepo.

Kenaka wina mumdima, moseka:
"Iwe wa mitu ya njerwa, m'bale wako uja wamupeza?"

Lonjezo anati ayi.
Anati bamboyo wagulitsa bwato
kuti alipire munthu amene akudziwa njira,
koma munthuyo ndi wabodza,
ndipo bamboyo akudziwa kuti ndi wabodza,
wamulipirabe, poti palibenso wina woti n'kumufunsa.
"Chitsiru!" anakuwa Ganizani. "Bwato ndiye moyo wake!"
"Nanga ukanatani iweyo?"
Benchi ya kumanja inayamba kupepuka.
Tamandani anati kalata ija iumitsidwe padzuwa iwerengeke,
wina anati mng'onoyo anafa kalekale,
wina anamutukwana chifukwa chonena zimenezo.
Anyamata asanu ndi awiri kukangana thovu kukamwa
za munthu wopanda zala,
amene nkhope yake ndi timadontho tinayi.

Magetsi anabwera sikisi itadutsa.
Ya kumanja inadzuka ndi udzu wake wokongola uja,
msilikali ali chiimire, mfuti m'manja,
kudikira woti amuuze womupha.
Anadikira.

Sindinama, siitaya ya kumanjayo.
Ndi imene imalipira lendi,
ndipo pena nane ndimangoyang'ana madzi akewo
ngati mlendo wotsika basi kudepoti koyamba.
Diso lili ndi njala yake.
Koma diso limakhuta msanga,
likakhuta n'kuiwala.

Usiku umenewo nditatseka chitseko
ndinakhala pa benchi ya Lonjezo, padi m'manja.
Bambo wa mutu wa njerwa anayenda wapansi, alibe bwato,
mpaka pa kanyumba ka zenera limodzi.
Pansi panalembedwa: gogoda, kapena bwerera.

Chala changa chinauma pa batani.

Ndili naye mng'ono wanga ku Joni.
Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano
chikanganirane za puloti ya malemu bambo ku Eriya 36.
Sindikumbukanso bwino nkhope yake,
yasanduka timadontho tinayi.

Ndinaika padi pansi,
mvula ikudonthabe pa chidebe cha pakona,
n'kuyamba kusanthula m'kope lakale la ngongole
momwe ndinalembamo nambala yake.