Mchenga, Nambala 3

Sitima zisanalire padoko la Valparaíso
ndimakhala nditayamba kale ntchito yanga yoyamba,
ija yopanda malipiro.

Mafuta obiriwira ndiwo amatsogola,
kadontho pachibwano, tiwiri patsaya lamanzere.
Akuti amazimitsa kufiira.
Kenako a m'kabotolo kaja
kolembedwa pachivindikiro kuti Mchenga, nambala 3.
Osakhula. Kumangogunda pang'onopang'ono ndi siponji
ngati ukugogoda pakhomo pa wodwala.
Phawuda pomaliza.

Dzulo ndinati ndingotsuka mano basi.
Chala chinapeza kachiphuphu
kosakwana n'kadontho ka cholembera.
Pomwe ndimadzidzimuka
miyendo inali itachita dzanzi,
wotchi ikuti wani koloko,
thonje m'sinki lili madonthomadontho.

Mkulu wanga Maite amati, "Ximena, ingosiya."
Ngati kuti zikhadabo zili ndi makutu.

Tsiku lonse ndimakhala pakawindo
kugulitsa matikiti a chikepe chokwera phiri.
Dzanja, ndalama, chenji, dzanja lina.
Alendo amajambula makoma opentedwa a mumzinda muno
osafunsa za ming'alu ili kunsi kwa utoto.
Ine ndi makomawo timangopatsana moni wapamaso.

Lachinayi nkhungu inakwera kuchokera kumadzi
n'kudzanyambita chibwano changa.
Ndinaona pagalasi kuti chipsera chasuzumira,
kabotolo kali kunyumba,
mzere wafika pamsewu.

Wachitatu pamzerewo anali Don Eladio, wokonza mawotchi,
amene wakwera chikepechi zaka zisanu
osandiuza mawu oposa zikomo.
Anatambasula dzanja ndi makobidi ake.
Chala chachikulu chinali chosendeka m'mbali mwa chikhadabo,
chofiira psu,
china chitakulungidwa pulasitala wakuda ndi girisi.

Anandiyang'ana pachibwano. Sanathawitse maso.
Inenso anga sindinawachotse pachala chake.
"Kwazizira lero," anatero.
"Kwambiri."
Chenji ndinamupatsa m'manja, osati pathabwa.

Usiku uno ndasukusula mumdima.
Babu la m'bafa ndalimasula,
lili m'dilowa pamodzi ndi masipuni.
Ndavala magolovesi aja anandilukira Maite
ngakhale ubweya wake umayabwa.
Ndagona chagada, manja pachifuwa,
kumvetsera agalu a kumtunda akuyankhana ndi a kumunsi,
ndipo m'kati mwa golovesi lamanja
chala chimodzi chili maso,
chikufufuza mwakachetechete
pomwe ulusi unamasuka.