Wogwetsa Mvula wa Mayi Zuleide

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinali mitambo yawo.
Ndinkakwera makwerero, payipi ili paphewa,
kuseri kwa nyumba za makatoni ku Rio de Janeiro,
nyumba zokhala ndi khomo koma zopanda chipinda,
n'kumadikira kuti akweze chala.

Tinadziwana ku Recife, iwo akali mtsikana
wogawa khofi ndi kukulunga nthambo za magetsi.
Tsiku lina mkulu wojambulitsa analedzera
nagona m'galimoto, mapazi ali pawindo.
Dzuwa linkapita. Ochita sewero ankangoyang'anana.
Zuleide anatula thireyi pansi
nati: "Kamera ibwere apa. Iwe, usafulumire kulira."
Palibe amene anafunsa kuti walamula ndani.

Kenako anabwera masewero a pa wailesi ya kanema,
usiku uliwonse kupatula Lamulungu,
magawo zana ndi makumi asanu ndi atatu:
mapasa osinthanitsidwa kuchipatala,
mayi wamasiye wachuma, mkamwini wa kaduka.
Mzinda wonse unkadya mgonero maso ali pagalasi,
m'basi anthu ankatukwana munthu woti kulibe.
Dzina lawo linkadutsa kumapeto, mothamanga,
owonera atanyamuka kale kukatsuka mbale.

"Genivaldo, mvula yako ikunama," ankatero.
"Yeniyeni sigwa mofanana ponseponse.
Ipendekeke. Izikayikira pang'ono."
Tinabwereza kupsompsonana kumodzi maulendo khumi ndi anayi
mpaka mnyamata uja anayamba kunjenjemera ndi chisanu,
m'pamene anati: "Eya. Tsopano akumukonda."

Kanema wa pamtima pawo anali mmodzi yekha.
Anagulitsa nyumba ya ku Tijuca kuti amujambule:
nkhani ya bambo awo, wodula nzimbe,
amene sankalankhula pakudya.
Munalibe mvula m'menemo, chilala chokhachokha,
komabe anandilemba ntchito
yoti ndiziwatchingira dzuwa ndi ambulera.
Anaonetsedwa milungu iwiri basi.
Usiku womaliza ndinawerenga mitu mumdima:
khumi ndi isanu ndi iwiri, wanga womwe.
Lolemba lake anabwerera kwa mapasa aja,
ndudu ili pakamwa, osatchulako kanthu,
ndipo ine ndinatenganso payipi yanga.

Maso atayamba kuchita nkhungu
ankajambulitsa ndi makutu.
"Waima patali uyo, mawu ake akufika atazizira."
Kenako achinyamata anafika ndi makompyuta
ogwetsa mvula popanda wonyowa.
Tonse awiri anatipatsa wotchi, keke ndi m'manja,
tsiku limodzi, masana, kuti ntchito isaime.

Dzulo ndinawoloka mlatho kukawaona ku Niterói,
kwa mwana wa mchemwali wawo.
Anandizindikira ndi chifuwa changa,
chimene ndinachitola pamwamba pa makwerero aja.
Tinakhala pakhonde, tikumwa khofi wopanda shuga.
Kumwamba kunada,
ndipo inayamba, yeniyeni, yopanda payipi,
kumenya matailosi ndi masamba a mango,
kuthamangitsa ana amene ankasewera mpira mumsewu.
Anamvetsera nthawi yaitali, mutu atapendeketsa,
chala chija chitadzuka pang'ono pabondo.
Ndinadikira ngati kale.
Phewa langa linayamba kuyabwa.

"Yachuluka kumanzereku," anatero.
"Koma isiye, Genivaldo.
Dzuwa lapita, sitibwerezanso."