Phiri Lomwe Limakula Usiku

Pa nsanjika ya makumi atatu, pakati pa Jakarta,
mphepo yozizira imatsika kudenga osaipempha.
Bwana Hartanto akuloza khoma ndi kadontho kofiira:
mzere wa msika wa zinyalala
ukukwera ngati mbuzi yaona chulu.
Akuti m'zaka khumi zikubwerazi
aliyense m'dziko lino adzataya zoposa zomwe anataya atate ake,
ndipo umenewu, akutero, ndi uthenga wabwino.
Alendo a kumabanki akugwedeza mitu.
Wina wafunsa za misonkho,
wina za tsiku lomwe ndalama yake idzabereke,
wina akungokanda pepala la pabotolo la madzi ndi chikhadabo.

Manambalawo ndinawerengera ndine,
usiku utatu, khofi atazizira m'kapu.
Matani, magalimoto, ng'anjo zinayi zosandutsa zinyalala magetsi.
Sindinalakwitse ngakhale kadontho.

Sindinawauze kuti phirilo ndimalidziwa ndi mapazi.

Mayi anga, a Warsiti, ankalikwera kusanache
kumtaya wa ku Bekasi,
dengu kumsana, mbedza yachitsulo m'manja,
nsapato imodzi yobiriwira, inayo yakuda,
zonse zotola.
Botolo ankalidziwa mtengo ndi khutu:
akalifinya, likalira mokhethemula, ndi la ndalama,
likangoti fwaa, lisiyeni.
Makatoni onyowa ankawatukwana ngati mkamwini waulesi.
Madzulo a Sarmidi ankapachika thumba pasikelo
chala chawo chachikulu chitabisala kuseri kwa muvi,
ndipo mayi ankaona, nkukhala chete,
poti a Sarmidi omwewo ndiwo ankatikongoza mpunga.
Akatapila tinali nawo awiri:
wachikasu wofukula phiri,
ndi uyu wovala kapusi yoyera Lachisanu.

Yunifolomu yanga yoyamba inali mabotolo zikwi zitatu.
Fizi ya kusekondale, mkuwa wa m'mawaya otentha,
utsi wake udakali pachifuwa pawo mpaka lero.
Kukalasi anzanga ankasuntha mpando,
ine nkumanunkhiza kolala yanga mobisa.

Patsamba lakhumi ndi chinayi pali kabokosi kakang'ono:
otola paokha, chiopsezo chochepa.
Ndinalemba ndine.
Ndinayesa mawu ena kasanu, onse sanakwane m'kabokosimo.

Musandimve molakwa, ng'anjozo ndikuzifuna.
Ndinaona phiri likugumuka m'dzinja
nkumeza khumbi la a Tukiyem ndi nkhuku zomwe.
Ndinamwa madzi a pachitsime onunkha batire.
Wina aike ndalama, chonde, aike zambiri.
Koma mpanda ukamangidwa, geti likhala ndi mlonda,
ndipo mlonda adzafuna chiphaso
kwa mayi amene dzina lawo amalisindikiza ndi chala.

Bwana andiyamika pamaso pa onse:
mitengo ya pulasitiki yolondola chonchi mwaipeza kuti?
Kafukufuku, bwana.

Atatuluka, patebulo patsala mabotolo asanu ndi awiri,
ena osamwedwa ndi theka lomwe.
Ndadzidzimuka nditamasula kale zivindikiro,
zabuluu pazokha,
chidendene cha nsapato yanga ya muofesi
chitaphwanya kale lachitatu.
Mnyamata wokolopa wandiyang'ana.
Ndamuyang'ana.
Wandipatsa thumba osanena kanthu.

M'sitima yamadzulo ndawaimbira foni.
Akutsokomola, wailesi ikulira kumbuyo.
Ndawauza za ng'anjo, za magetsi a nyumba zikwizikwi,
za azungu ndi Ajapani odzathira chuma paphiri lathu.
Akhala chete kanthawi.
Kenako akuti: awauze asamaotche oyera aja,
oyera akwera mtengo sabata ino.
Nanga iwe wadya?

Kunja kwa zenera magalimoto alalanje andanda
ulendo wa kum'mawa, atadzaza mpaka pakamwa,
madzi akuda akudontha pamsewu.
Ndawawerenga, mwachizolowezi.
Makumi anayi ndi limodzi.
Mawa phiri lidzakhala litatalikirapo chikhato chimodzi,
ndipo mzere wanga uja udzakhala ukunena zoona.