Zikhadabo za Kudzanja Lamanja

Ndinalitsitsa pamwamba pa wadirobu
Loweruka lina magetsi atazima,
gitala lomwe linakhala chete zaka makumi atatu.
Fumbi linanditsokomoletsa.
Nsambo ziwiri zinali zitaduka, zitapotana ngati ndevu za chimanga,
ndipo m'mimba mwake mphemvu zinali zitaleramo zidzukulu.

Ndinalisiya chaka chomwe ndinavala yunifolomu yoyera.
Ku Bwaila zikhadabo sizikula.
Sisitala ankayendera zala zathu Lolemba lililonse,
ndipo manja anga anaphunzira nyimbo zina:
kusaka mtsempha pamkono wowonda,
kulandira mutu woterera wa khanda
tambala asanalire.
Tsopano penshoni yabwera, masana atalika,
zala zayamba kundifunsa mafunso.

Woyamba anali mnyamata wa bandi ya kutchalitchi, ku Area 25.
"Amayi, makiyi atatu okha,
pofika Isitala mukhala mukuimbitsa kwaya."
Anandipatsa kapulasitiki kokhwatchira.
Ndinati ayi, mwana wanga,
ndikufuna zija zotola nsambo imodziimodzi,
chala chachikulu chikuyenda pansi modekha
zinzake zikuyankhira pamwamba.
Anakanda m'mutu, nandibwezera ndalama yanga.

Wachiwiri anali m'foni ya mdzukulu wanga.
Bambo waulemu ndithu, sankatopa kubwereza,
koma sanaone ngakhale kamodzi
kuti dzanja langa lapindika ngati khasu lakale.
Bandulo inatha ali pakati pa mawu.

Ndinatsala pang'ono kulibwezera pa wadirobu.
Koma ku Malangalanga, m'kasitolo ka masipika,
nditafunsa nsambo za nayiloni,
wogulitsa anasuzumira pansi pa kauntala:
"Izi amagula ndi munthu mmodzi yekha mwezi ndi mwezi.
Telala wa ku Kawale, kuseri kwa chigayo.
Mukafunse a Kalilangwe."

Minibasi, kenako kabaza,
gitala lili kumsana m'chitenje ngati mwana wodwala.
Ndinkayembekeza nkhalamba ya imvi ndi magalasi.
Anatuluka mtsikana, tepi ili m'khosi,
timaulusi tamamatira pasiketi.
"Ndine Tisungane. Tandionetsani manja."

Palibe anandiuzapo zimenezo chichokereni kwa Sisitala.
Ndinawatambasula ndikunjenjemera.
Anawatembenuza ngati nsalu yomwe akufuna kudula.
"Kumanzere muziwenga. Kumanja muzisiye zikule."
Ndinaseka mpaka misozi.
Iye sanadziwe chimene ndinkaseka.

Anakankhira chitini cha penti pansi pa phazi langa lamanzere,
nandikhazika pampando wa makina osokera.
Anatsegula buku la timadontho takuda pamizere isanu.
Kale ndinkatiwerenga ngati kalata ya kwathu,
lero tinangondiyang'ana ngati nyerere pawaya.
"Osadandaula. Lero nsambo imodzi basi.
Chala ichi, kenako ichi. Muziyenda, osathamanga."

Ola lathunthu, liwu limodzi,
chigayo chikulirira kuseri kwa khoma.
Phewa linawawa. Nsonga za zala zinatentha.
Kasitomala wina anabwera kudzatenga diresi la chinkhoswe,
nandiyang'ana, nayang'ana gitala, namwetulira chamumtima.
Manyazi anandigwira, inde,
mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu
akulakwitsa kuwerenga mpaka folo.

Kenako, sindikudziwa kuti zinatheka bwanji,
nsambo inalira bwino kamodzi,
liwu lozungulira, lofunda, lokhalitsa m'chipinda.
Tisungane anaimitsa lumo m'mwamba.
"Limenelo. Mukalisunge. Mubwere nalo Lachinayi."

Potuluka ndinamufunsa komwe anabadwira.
Anati ku Bwaila, mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa.
Sindinanene kanthu.
Tinali anamwino ambiri, makanda analinso ambiri.

M'minibasi yobwerera kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri.
Sindinakangane naye.
Ndinkayang'ana dzanja langa lamanja pamwendo,
timizere toyera tisanaoneke n'komwe kunsonga,
ndikuwerengera masiku a kukula kwake
monga ndinkawerengera miyezi ya anthu ena.