Kalaliki Wopanda Mpando

Lolemba anamupatsa kiyi.
Si yachitsulo ngati yanga ya kabati ayi,
ndi mzere chabe wa zilembo makumi anayi
umene Radek anaukopera uku akutafuna apulo.
Kuyambira lero, anatero, matanthauzo azikonza yekha.
Inu a Danuta muzingovomereza.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndasunga buku la mawu a kampani ino
pansanjika yachitatu, moyang'anizana ndi doko la Gdańsk,
kumene makireni amaweramira sitima osatopa msana.
Ndine ndinalemba kuti "katundu" n'chiyani.
Pa mawu oti "kasitomala" tinakangana miyezi itatu
mpaka a ku akaunti analeka kutipatsa moni.

Kalaliki watsopanoyu alibe mpando, alibe kapu,
sapempha tchuthi cha Khirisimasi.
Usiku umodzi anawerenga timabokosi zikwi zinayi,
m'mawa ndinapeza mndandanda uli ndanda pa sikirini:
apa makilogalamu akuyenda atavala dzina la matani,
apa malo a dzina la tauni ndi ochepa,
n'chifukwa chake Starogard Gdański
wakhala woduka mchira chiyambire.
Ndinachita manyazi. Zinali zoona.
Ndinadina batani lobiriwira, kudina, kudina,
khofi mpaka kuzizira.

Kenako funso nambala 213:
"Tsiku lofika" lilipo kawiri. Ndiphatikize?

Ndinayang'ana pawindo.

Kufika koyamba ndi pamene chingwe cha sitima chagwira doko.
Kufika kwachiwiri ndi pamene kontena yatuluka pageti.
Pakati pake pali malole,
mzera wautali kukafika ku mlatho,
madalaivala akugona chokhala,
injini zikulira kuti mapazi asaume,
wina akuwiritsa tiyi pa kachitofu ka gasi
pamwamba pa mapepala a kasitomu.
Maola amenewo amalipidwa
chifukwa timabokosi tilipo tiwiri.
Mukatiphatikiza, ndiye kuti palibe anadikirapo.

Ndinamulembera choncho, mwaukali pang'ono.
Sanakwiye. Anathokoza,
n'kufunsa kuti zimenezi zinalembedwa pati.

Ndinafufuza m'mafayilo. Ndinatsegula ndi kabati yomwe.

Leszek ndiye anawonjezera kabokosi kachiwiriko
chaka chomwe chipale chinatseka msewu masiku atatu.
Analowa muno atagwira dalaivala wina pamkono,
ndevu zili mbuu, manja akukanika kugwira kapu,
nati kwa bwana: muuzeni nokha kuti sanagwire ntchito.
Madzulo ake kabokosi kanabadwa.
Pamalo pa tanthauzo anangolembapo kuti "funsani L."

Leszek tinamuika ku Łostowice zaka zisanu zapitazo.

Ndiye ndinakhala pansi mpaka mdima wa folo koloko,
kulemba zimene ndinkayesa kuti aliyense akudziwa.
Ziganizo zisanu ndi chimodzi.
Za ndevu zija sindinaikemo, panalibe malo ake.
Kalaliki anazilandira, anakonza mpumiro umodzi,
anauza mapulogalamu ena onse, mpaka a ku ofesi ya Rotterdam,
mawu anga n'kuwoloka nyanja
ndisanamalize kumanga mabatani a jasi.
Sindinama, zinandikomera.

Pamasitepe Radek anandipeza akupumira m'mwamba.
Zayenda bwino, eti? Mwezi wamawa tikuchepetserani ntchito,
zazing'onozing'ono azivomereza yekha.
Ndinafunsa kuti "zazing'ono" alembe ndani tanthauzo lake.
Anaseka, amayesa nthabwala,
nathamangira basi yake.

Mu tiramu ndinaima, mipando itadzaza.
Ndinkawerenga pamtima timabokosi tina
timene tanthauzo lake lili m'mutu mwanga mokha:
ka sitima zobwera Lachisanu Loyera,
ka kasitomala uja amalipira mochedwa koma amalipira,
kena kamene nanenso ndaiwala chifukwa chake
koma ndikudziwa kuti sitikakhudza.
Ndinafika pa khumi ndi tinayi.
Ndinapitirira siteji yanga,
ndinabwerera wapansi, chipale chikulowa m'nsapato.