Nsanja za M'kati

Bambo anga, Tsang Kam-Fuk, ankamanga pamene palibe pansi.
Zaka makumi atatu akukwera makoma a ku Sham Shui Po,
nsungwi paphewa, timizere ta pulasitiki tikulendewera m'chiuno,
nsanjika ya makumi awiri, chodalira ndi phazi ndi mfundo.
Nyumba ikatha kupakidwa penti ankamasula zonse.
Nsanja ya masabata atatu inkatsika tsiku limodzi,
iwo osadandaula.
Ankati chomangidwa chosamasulika ndi manda okha.

Ine ndimagwira ntchito usiku ku Pok Fu Lam,
m'chipinda chopanda zenera, diso pa maikulosikopu.
Ndathira utoto wobiriwira m'selo imodzi ya khungu,
yayaka ngati Kowloon ukamuonera paboti.
Selo si thumba la madzi ayi.
Muli chimango.
Kuchokera pakati timachubu tatambasuka ngati nthiti za ambulera,
tikukula kunsonga, kachidutswa pa kachidutswa,
kenako phwasu!
tabwerera m'mbuyo, n'kuyambiranso.
M'mphepete muli ulusi wopyapyala wolukanalukana,
umakankha mpaka selo ikwawe kukatseka bala.
Palinso zingwe zopota, zosatchuka,
zongogwira basi, kuti tikakokedwa tisang'ambike.

Koma chondisowetsa tulo ndi kamtengatenga.
Kali ndi miyendo iwiri, kamayenda pamwamba pa chubu,
phazi, phazi, phazi,
katasenza mtolo woposa msinkhu wake,
ulendo wochokera kumsana mpaka kunsonga ya chala.
Sikayang'ana pansi.
Mayendedwe amenewo ndinayamba kuwaona ndili mwana,
khosi litapindikira kumwamba, ayisikilimu akusungunuka m'manja.

M'mwezi wa Marichi anawapeza ndi chotupa m'mapapo.
Mankhwala ake ndimawadziwa, alimo m'firiji ya kuntchito kwanga.
Anayamba kupezeka m'khungwa la mtengo
ndipo ntchito yake ndi imodzi: kuletsa timachubu kumasuka.
Selo ikafuna kugawikana imaimika nsanja
yokokera chuma chake theka uku, theka uko.
Mankhwala amaumitsa mfundo zonse,
selo n'kuima pakati pa ntchito, n'kufa ili chigwirire.
Ndinawajambulira kuseri kwa lisiti, tili m'basi.
Anayang'ana mpaka tinapitirira siteji yathu.
Ndiye akuipha poikaniza kumasula?
Ndinati inde.
Anapukusa mutu ngati amva za ngozi ya mnzawo wa kuntchito.

Tsopano zala zawo zachita dzanzi.
Kamtengatenga kaja kakuphunthwa m'njira zouma gwa,
katundu sakufika.
Batani la malaya limawazemba,
timitengo todyera timagwa tokha,
ndipo ine, wodziwa dzina la chilichonse chimene chikulakwika,
ndimangotola.

Usiku wathawu kunabwera namondwe, chenjezo la nambala eyiti.
Maboti anaima, mazenera tinamata tepi.
Tsidya la msewu kuli nsanja yomangidwa ndi Ah-Lok,
mnyamata amene anamuphunzitsa okha.
Inkawerama, n'kudzuka, n'kulira ngati chitseko chakale.
Ndinati igwatu iyo.
Anati ayi, ikugwedezeka, ili moyo.
Uziopa imene yangoti njo.

Kenako anatulutsa kamzere kamodzi m'thumba la jekete yakale.
Anapingasa timitengo tiwiri patebulo,
n'kuyamba kukulunga, akutsogoza maso poti zala sizikumva,
kamodzi, kawiri, kupotoza, kulowetsa.
Zinatenga mphindi zisanu ndi imodzi, ndinawerenga.
Kale kunali kuphethira kwa diso.

Anandikankhira mfundoyo.
Ndinaiyesa, inali yolimba.
Ndinafuna kuisunga m'kabati pamodzi ndi zithunzi za amayi,
koma anagogoda tebulo ndi chala chosamvacho.
Mei-Kwan, usachite ulesi.
Masula.